Nkhawa Ikakana Kutha: Wa ku Neno Agogode Khomo Liti?

Ku Neno, munthu wodwala BP, shuga, khunyu kapena mphumu amadziwa kolowera. Tsiku lake la kiliniki linalembedwa m'buku, namwino womuyeza amamudziwa nkhope, ndipo akajomba, wazaumoyo wa m'mudzi amafika pakhomo kudzafunsa kuti chavuta n'chiyani. Koma munthu amene watha miyezi mtima uli m'mwamba, tulo tosabwera, maganizo akungobwerera pamodzimodzi, kawirikawiri sadziwa kuti khomo lomwelo ndi lakenso. Amayamba ndi panado wa pagolosale, amapita ku mapemphero a usiku, amagulitsa nkhuku kuti akaombeze, ndipo akafika kuchipatala amangoti mutu ukuwawa. Mafunso otsatirawa ndi a iyeyo ndi abale ake.

Kodi alipo munthu wosada nkhawa? Nanga yofunika chipatala ndi iti?

Palibe. Mlimi wa ku Lisungwi amene mvula yamudukira chimanga chikumasula ayenera kuda nkhawa, ndipo mayi amene mwana wake anakwera basi ya ku Johannesburg koma sanaimbebe foni sangagone bwino. Nkhawa yotere ili ndi poyambira ndi pothera. Mvula ikagwa, foni ikalira, mtima umakhala pansi.

Imene tikunena pano ndi ina. Imakhalapo masiku ambiri kwa miyezi, ndipo sikhazikika pa nkhani imodzi. Lero ndi fizi ya mwana. Fizi ikapezeka, ndi thanzi la amuna anu. Amenewo akachira, ndi denga lodontha, ndipo ngakhale tsiku limene zonse zili bwino mumangomva kuti choipa chili m'njira. Mumadziuza kuti basi ndaleka kuganiza, koma osatheka. Thupi nalo limalowererapo: khosi ndi mapewa zimamangika, mtima umagunda kwambiri, m'mimba mumatentha, m'manja mumatuluka thukuta, mumakalipira ana pa tinthu tating'ono, mumayamba ntchito n'kuiwala chimene mumachita. Madokotala amati zikafika pamenepa kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, amenewo ndi matenda ndithu. Koma musakhale pansi kuwerenga miyezi kuti ikwane. Dzifunseni kuti nkhawayi yakulandani chiyani. Ngati m'munda mwamera tchire, geni yaima, kutchalitchi kapena kumzikiti simukupitanso, pamaliro mukuopa kukhala pagulu, nthawi yopita kuchipatala inakwana kale.

Kwa ena imabwera mwadzidzidzi: mantha aakulu, kubanika, chizungulire, kumva ngati akufa pomwepo, kenako pakapita mphindi zingapo n'kuyamba kuphwa. Munthu amatsala akuopa kuti zimuchitikiranso, mpaka kuleka kukwera minibasi kapena kupita kumsika. Ena ndi amene anaona zoopsa, monga ngozi ya pamsewu, kugwiriridwa, kapena namondwe wa Freddy amene anasakaza Chigawo cha Kumwera mu Marichi 2023. Mvula ikangoyamba kusokosa pa malata, iwo thupi lonse njenjenje. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, ndipo mwa anthu anayi ofunika chithandizo, ndi mmodzi yekha amene amachilandira.

Ine chikundivuta ndi mtima ndi m'mimba. Si BP kapena zilonda za m'mimba zimenezi?

Zikhoza kukhala, n'chifukwa chake woyamba kukuonani ayenera kukhala munthu wotha kuyeza thupi. Pali matenda angapo ofanana kwambiri ndi nkhawa. Magazi akachepa, monga zimachitikira munthu akadwala malungo kapena mayi akataya magazi pobereka, mtima umathamanga ndipo mpweya umaperewera. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyeso, munthu amanjenjemera, amaonda akudya bwinobwino, ndipo amamva kutentha anzake akufunda. Wodwala shuga akamwa mankhwala osadya, shuga amatsika, iye n'kuyamba thukuta ndi kunjenjemera. Mankhwala a mphumu a salbutamol amagunditsa mtima. Ma ARV ena amasokoneza tulo ndi kubweretsa maloto oopsa, makamaka efavirenz amene ambiri ankamwa dziko lisanasinthire ku dolutegravir mu 2019. Ndipo wozolowera kachasu tsiku ndi tsiku akadzuka m'mawa manja akunjenjemera, mantha osadziwika kochokera, nthawi zambiri ndi thupi likuitanitsa mowa. Zonsezi mnzanu sangazione ndi maso, ngakhale akukondeni chotani. Zimafuna kuyeza BP, magazi ndi shuga, ndiponso kuona mankhwala amene mukumwa.

Mutu umaima zoyezazo zikatuluka bwino. Munthu amamva kuti thupi lake lilibe vuto, amabwerera ndi panado, ndipo m'njira amadziuza kuti ndiye kuti andilodza, poti makina sakuona. Makinawo sakunama, inunso simukunama. Thupi lili ndi njira yake yokonzekera kuthawa choopsa. Limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, mtima umapopa magazi mwachangu, mpweya umakokedwa mofulumira, ntchito yogaya chakudya imaima kaye. Mukakumana ndi njoka m'munda, zimenezi n'zimene zimakupulumutsani. Kwa wodwala nkhawa zimachitika popanda njoka, ngati galu wolondera amene amauwa usiku wonse pakhomo palibe wakuba. Kupuma kothamangako n'kumene kumabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. Munthu akamva dzanzilo amati ndi sitiroko, mantha n'kuwonjezeka, mtima n'kuthamangiratu. Ululu wake ndi weniweni ndipo chithandizo chake chilipo.

Ndiye kuno ku Neno ndiyambire pati?

Pa chipatala chimene muli nacho pafupi. Pa nkhani iyi Neno ili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Bomali linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 138,000. Kuyambira 2007 Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugwira ntchito kuno limodzi ndi bungwe la Partners In Health, limene anthu amalidziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo. Mu 2015 anayambitsa kiliniki imodzi ya matenda a mgonagona yotchedwa IC3, kumene wa HIV, wa BP, wa shuga, wa khunyu, wa mphumu ndi wa matenda a maganizo amaonedwa tsiku limodzi. Kilinikiyi imachitika pa chipatala chachikulu cha pa boma, ku Lisungwi, ndi m'zipatala zazing'ono monga Dambe, Nsambe, Ligowe, Magaleta, Matandani, Luwani, Chifunga, Matope ndi Zalewa.

Ine ndimaona kuti kukhalira limodzi pa benchi kumeneko ndi chinthu chachikulu kuposa mmene timachionera. Wokuonani mutakhala pamenepo sadziwa chimene mwadzera, ndipo m'mudzi momwe nkhani imathamanga kuposa mwini wake, zimenezo zimatha kusankhitsa munthu kupita kapena kukhala. Komanso amene amapita kale kukatenga ma ARV kapena mankhwala a BP safunika ulendo wina. Aliyense amene anatsikapo mapiri a kwa Dambe nthawi ya dzinja, msewu uli matope okhaokha, wa kabaza wa njinga yamoto atakweza mtengo, akudziwa kuti ulendo umodzi wopulumutsidwa ndi ndalama ya ndiwo za sabata.

Palinso azaumoyo a m'mudzi oposa 1,000, aliyense ndi makomo ake owayendera. Iwo si madokotala ndipo mankhwala a nkhawa sapereka, koma amatumiza munthu kuchipatala, amaperekeza, ndipo amakumbutsa tsiku lobwerera. Ngati wazaumoyo wa kwanu ndi mlamu wanu kapena woyandikana naye nyumba ndipo simuli omasuka kumuuza, pitani nokha. Pa chipatala chaching'ono simufunika kalata ya munthu. Amene akufuna kufunsa kaye asanayende angaimbe ku Chipatala Cha Pa Foni pa 54747, nambala yaulere pa Airtel, ngakhale foni singalowe m'malo moyezedwa.

Mzere umakhala wautali ndipo adokotala amafulumira. Ndikanene chiyani kuti andimvetse?

Apa ndi pamene ambiri zimawasokonekera. Munthu wasenza za miyezi isanu, koma akafunsidwa kuti "Tikuthandizeni bwanji?" amatchula chimodzi chokha chimene sachita nacho manyazi, ndicho mutu. Wachipatala amene panja akumudikira anthu ambiri athandiza mutuwo basi. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mawu anu oyamba anene za thupi, za maganizo, ndi nthawi imene zinayamba. Mwachitsanzo: "Adokotala, kuyambira nthawi yokolola sindikugona. Mtima umathamanga, ndimaganiza kwambiri ndipo ndikulephera kuleka. Kumunda sindikupitanso." Mawu ochepa amenewo amasintha mafunso onse otsatira.

Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, a pagolosale ndi azitsamba omwe. Ngati mumamwa mowa kapena kusuta chamba, nenani kuchuluka kwake kwenikweni. Ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, nenani asanalembe mankhwala. Ngati kunyumba mukumenyedwa, nenani, chifukwa mantha a munthu wogona nyumba imodzi ndi womumenya satha ndi mapiritsi. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha amakufikirani, ngakhale mwa apo ndi apo, amenewo ndiye oyamba kutchula.

Mwina adzakuwerengerani mafunso a papepala. Odziwika kwambiri ndi GAD-7, mafunso 7 a nkhawa m'masabata awiri apitawo, ndi PHQ-9, mafunso 9 a matenda a kukhumudwa. Si mayeso oti mukhoze kapena mulephere. Amayeza kukula kwa vuto lero kuti mukadzabweranso aone ngati likutsika. Nkhawa ndi kukhumudwa zimakonda kuyendera limodzi, choncho musadabwe akafunsa zonse. Mukaona kuti nkhani yanu sinamveke, pemphani mwaulemu: "Kodi ndingaonane ndi anamwino oona za matenda a maganizo?" Pempho limenelo ndi ufulu wanu.

Ndikatero sanditumiza ku Zomba? Ine si wamisala.

Chipatala cha Zomba Mental ndi cha anthu odwala kwambiri ofunika kugonekedwa, ndipo nawonso ndi odwala monga wina aliyense, amathandizidwa n'kubwerera kwawo. Koma nkhawa, pafupifupi nthawi zonse, imathandizidwa munthu akugona m'nyumba mwake ndi kulima munda wake.

Ndi bwino kudziwa amene amachita chiyani. Amene timawatchula kuti adokotala m'zipatala zazing'ono nthawi zambiri ndi ma medical assistant kapena ma clinical officer. Amayeza thupi, amatha kuyamba chithandizo, ndipo amatumiza patsogolo. Pamwamba pawo pali anamwino ndi ma clinical officer amene anawonjezera maphunziro a matenda a maganizo, ena mwa iwo ku koleji ya St John of God ku Mzuzu. Kwa wodwala nkhawa wa m'boma ngati lathu, amenewa ndiwo akatswiri oyenera kuwafunafuna. Opereka uphungu salemba mankhwala, ntchito yawo ndi kuphunzitsa njira zogonjetsera nkhawa. Madokotala aakulu a matenda a maganizo m'Malawi muno ndi owerengeka, ndipo amapezeka m'malo monga chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Zomba, ndi ku St John of God ku Lilongwe ndi Mzuzu. Kumeneko amatumizako munthu amene walandira chithandizo kwa miyezi osasintha, kapena amene matenda ake aphatikizana ndi ena ovuta. Kugulitsa mbuzi kuti muthamangire ku Blantyre musanaonedwe pa Zalewa kapena pa Lisungwi n'kudzipweteka chabe.

Akuti chithandizo china n'kungokambirana. Mawu angaletse mtima kuthamanga?

Ngati ndi mawu akuti "limbani mtima, musamaganize kwambiri," ayi. Amenewo mwawamva kwa aliyense ndipo akanakhala ochiza bwenzi mutachira kalekale. Uphungu wa akatswiri ndi maphunziro okhala ndi ndondomeko, ndipo mumachokako ndi ntchito yokachita kunyumba.

Njira ina yotere ndi Problem Management Plus, imene WHO inatulutsa mu 2016. Imakhala ya mikumano isanu, kamodzi pa sabata, ndipo woiphunzitsa safunika kukhala dokotala bola ataphunzitsidwa bwino ndi kumayang'aniridwa. Mumaphunzira kupuma pang'onopang'ono mpweya ukufika m'mimba, kuti thupi lizizire. Mumaphunzira kusiyanitsa mavuto otheka kuwathetsa ndi osatheka, kutengapo limodzi, ndi kusankha chochita sabata imeneyo. Mumabwerera pang'onopang'ono ku ntchito zimene munasiya, ngakhale mtima usanafune. Ndipo mumaona anthu amene mungawadalire. Njira imeneyi inayesedwa konkuno, m'magulu, m'zipatala 14 za boma la Neno kudzera m'makiliniki a IC3, pamodzi ndi mankhwala kwa owafunika. Kafukufukuyo anali wa matenda a kukhumudwa, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2024, zikusonyeza kuti odwala anapeza bwino. Njirayo inakonzedwera nkhawa yomwe, choncho funsani anamwino za uphungu wa pagulu kapena wa panokha. Ku Zimbabwe nakonso, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu pa mabenchi a panja pa zipatala za ku Harare, ndipo kafukufuku wa 2016 anasonyeza kuti okhala nawo pa benchiyo nkhawa ndi kukhumudwa zinawachepera.

Kwa wodwala nkhawa, phunziro lovuta koma lopindulitsa kwambiri ndi kuleka kuthawa. Munthu amene mantha anamugwira mu minibasi akaleka kukwera, tsiku limenelo amapuma. Koma maganizo ake amaphunzira kuti wapulumuka chifukwa sanakwere, ndiye mantha amakula, mawa lake n'kuwonjezera msika, kenako tchalitchi. Wopereka uphungu wodziwa ntchito amamubweza pang'onopang'ono. Sabata yoyamba akangoima pa siteji. Yotsatira akwere kamtunda kochepa ndi m'bale wake. Kenako yekha. Manthawo amabwera ndithu, koma akapirira osatsika amaona okha akuphwa, ndipo ulendo uliwonse amachepa mphamvu. Zimenezi ndi mbali ya chithandizo chotchedwa CBT, chimene padziko lonse chili patsogolo pa matenda a nkhawa. Musadziyese nokha mwa kudziponya pa chinthu choopsa kwambiri tsiku loyamba. Kasanjidwe ka masitepe n'kamene mukufunira katswiri.

Nanga mankhwala? Ndimamva kuti ukayamba susiya, ndiponso amapusitsa.

Mankhwala si amodzi, ndipo mphekesera imeneyi imawaphatikiza onse. Si aliyense amene amafunika mankhwala. Nkhawa yocheperapo imatha ndi uphungu wokha. Ikakula, amene amakonda kuperekedwa m'zipatala zathu ndi fluoxetine. Amamwedwa kamodzi pa tsiku, nthawi zambiri m'mawa, ndipo sapangitsa munthu kuwalakalaka ngati mowa kapena fodya. Chofunika kudziwiratu n'chakuti amachedwa. Pamapita masabata awiri mpaka 6 kuti kusintha kuoneke, ndipo masiku oyamba ena amamva nseru, mutu, kapenanso nkhawa kuwonjezeka pang'ono. Ambiri amasiyira pamenepo poganiza kuti awalakwitsira mankhwala, pamene akanabwerera kukafotokoza bwenzi atawachepetsera mlingo kapena kuwalimbikitsa kudikira. Mukapeza bwino mumapitirizabe kwa miyezi ingapo, kawirikawiri yosachepera 6, ndipo posiya mumagwirizana ndi adokotala. Wachinyamata woyamba mankhwalawa amafunika kumuyang'anira kwambiri masabata oyamba, ndipo maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Ena ndi amitriptyline, omwa usiku. Amagonetsa, amaumitsa kukamwa, ndipo sayenera odwala mtima ena. Akamwedwa mopyola muyeso ndi oopsa kwambiri, choncho asungidwe kutali ndi ana, ndipo ngati wodwala ali ndi maganizo odzipha, asunge ndi m'bale.

Amene mphekesera ija ikuwanena zoona ndi diazepam. Amatsitsa mtima msanga, n'chifukwa chake anthu amawakonda ndipo amapezeka akugulitsidwa mobisa. Koma thupi limawazolowera pa masabata ochepa, limafuna ambiri, ndipo posiya nkhawa imabwerera yoposa kale. Akaphatikizana ndi mowa angathe kuimitsa kupuma. Ali ndi ntchito yake m'chipatala, monga pa munthu wokomoka ndi khunyu kapena wosiya mowa, koma si mankhwala a nkhawa ya miyezi. Wokupatsani diazepam mwezi ndi mwezi osakufunsani kanthu sakukuthandizani. Ngati mwawamwa kale nthawi yaitali, musasiye lero ndi lero, pitani akakuchepetsereni pang'onopang'ono.

Ine ndine wopemphera. Kupita kuchipatala si kuchepa chikhulupiriro?

Mayi wa Mvano akadwala shuga amapemphera ndipo amamwanso mankhwala, palibe amene amamunena. Nkhawa isakhale yosiyana. Mpingo ndi mzikiti zili ndi chimene chipatala sichingapereke: anthu okuyenderani pakhomo, okuthandizani kupalira, okhala nanu pa mkeka madzulo. Abusa ndi mashehe ambiri anzeru amapempherera munthu kenako n'kumuuza kuti mawa mupite kuchipatala, ndipo amenewo ndi oyamikika.

Chondidetsa nkhawa ndi ena amene amauza munthu wamantha kale kuti azakhali ake ndiwo akumudya, kapena kuti m'nyumba mwake muli chiwanda. Munthu amene amagona movutikira mwamupatsa mdani wa dzina ndi nkhope, wokhala naye mudzi umodzi. Nkhawa imakula, ubale umatha, ndipo nthawi zina nkhalamba yosalakwa imazunzidwa. Chimodzimodzi wokuuzani kuti tayani mankhwala, kapena wofuna nkhuku lero, mbuzi mawa. Kumeneko chokaniko.

Nkhawa yanga ndi njala ndi ngongole ya kubanki mkhonde. Chipatala chingandithandize chiyani?

Sichingakubwezereni ngongole, ndipo wonena kuti kupuma pang'onopang'ono kudzadzaza nkhokwe akukunamizani. Umphawi ndi gwero lenileni la nkhawa, ndipo mtengo wa feteleza suchepa chifukwa munthu walandira uphungu. Koma taonani anthu awiri a ngongole yofanana. Wina amagona, m'mawa amakapepesa ku gulu kuti amuwonjezere masiku, amapita kukagwira ganyu. Wina sagona, akaona mlembi wa gulu amabisala kuseri kwa nyumba, amakatenga katapila kuti atseke dzenje loyamba, ndipo masana alibe mphamvu yogwira khasu. Chimene chipatala chingachite ndi kuthandiza wachiwiriyu kuti agone, aganize bwino, ndi kuyang'anizana ndi ngongoleyo.

Ndiponso mukafotokoza za pakhomo, azachipatala amatha kukulozerani kwina: ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma, ku nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena ku thandizo limene Abwenzi Pa Za Umoyo amapereka kwa odwala ovutikitsitsa. Osanena sangalozeredwe.

Ndingadziwe bwanji kuti amene akundithandiza ndi woyenera?

Amafunsa asanalembe. Amakuyezani thupi. Amakuuzani m'mawu omveka chimene akuganiza kuti mukudwala, chifukwa chake wasankha chithandizo chimenecho, ndi zimene mungamve mukayamba mankhwala. Amasunga chinsinsi. Koposa zonse, amakupatsani tsiku lobwerera, ndipo mukabwerera amafunsa ngati tulo tayamba kubwera, ngati kumunda mwayambiranso. Nkhawa ya miyezi sithera ulendo umodzi, choncho wokupatsani mapiritsi popanda tsiku lobwerera wasiya ntchito pakati. Mufunseni nokha kuti, "Ndibwerenso liti?"

Pa chipatala cholipira, muli ndi ufulu wofunsa ngati wokuonaniyo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi kapena ku bungwe la anamwino ndi azamba. Chenjerani ndi olengeza pa Facebook ndi WhatsApp kuti amachiza nkhawa pa sabata imodzi, ndi ogulitsa mabotolo ochiza matenda khumi nthawi imodzi. Ngati mwatsatira chithandizo mokhulupirika kwa miyezi iwiri kapena itatu osaona kusintha, nenani poyera ndipo pemphani kuti akutumizeni kwa wamkulu. Mankhwala oyamba sagwira aliyense, ndipo kusintha njira ndi mbali ya ntchito yawo.

Wodwalayo ndi amuna anga, ndipo akukana kupita. Nditani?

Abambo ambiri sanena kuti ndikuda nkhawa. Amakhala chete, amakalipa, amachedwa kumowa. Mukawauza kuti tiyeni kwa a matenda a maganizo, akana. Yambirani pa chimene iwo akuvomereza kuti chikuwavuta: "Bambo a ana, tulo simukugona ndipo mtima mukuti ukuthamanga, tiyeni akakuyezeni." Simukuwanamiza, poti chiyambi chake n'chomwecho. Aperekezeni, ndipo akalola, lowani nawo muwonjezere zimene iwo asiya. Ngati mawu anu sakumveka, pemphani amene amawamvera, kaya ndi malume awo, ankhoswe, kapena mkulu wa mpingo wosunga pakamwa. Pewani kuwanena pagulu kapena kuwayerekeza ndi amuna a eni. Pewaninso kuwachitira zonse zimene akuopa, monga kuwapitira kumsika mpaka kalekale, chifukwa chifundo chotero chimalimbitsa mantha.

Pali nthawi zina zosadikira tsiku la kiliniki. Chifuwa chikawawa kwambiri ululu n'kufika kudzanja kapena kunsagwada, munthu akakomoka, mbali imodzi ya thupi ikafooka kapena kukamwa kukapotoka, musati ndi nkhawa ija, thamangirani kuchipatala. Akatha masiku osagona n'komwe, akulankhula zosagwirizana kapena kumva mawu amene ena sakuwamva, achipatala amuone tsiku lomwelo. Ndipo akayamba kunena kuti kuli bwino kungofa, kuti mudzapuma ine ndikachoka, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika, afunseni molunjika ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikuika maganizowo mwa munthu, kumamutsegulira pakamwa. Akavomera, chotsani m'nyumba mankhwala a m'munda, a makoswe ndi mapiritsi onse, itanani m'bale wina, ndipo musawasiye okha mpaka mutafika nawo kuchipatala. Cha pa boma ndi cha ku Lisungwi zimalandira odwala ngakhale usiku.